Ulendo wa ku Mapiri Oyera

Mwezi uno titule makasu pang'ono, tiyende ulendo wa m'maganizo kunka kutsidya kwa nyanja yamchere, ku America, m'chigawo chotchedwa Arizona. Mlendo wofika kumeneko ayamba waona chipululu chotentha, cha minga ndi miyala. Koma akalunjika kum'mawa njira iyamba kukwera, mphepo izizira, ndipo alowa m'nkhalango ya mitengo ya paini. Awa ndiwo mapiri a White Mountains, ndiko kunena Mapiri Oyera, kwawo kwa mtundu wa anthu otchedwa Apache. Lalikulu mwa mapiriwa ndi Mount Baldy, lopitirira mamita 3,400, limene eni dziko aliyesa lopatulika. M'nyengo yachisanu chipale chofewa chiphimba nsonga yake, ndipo chikasungunuka chitsikira m'timitsinje tozizira ngati madzi ogona mumtsuko mwezi wa Juni.

M'timitsinje timeneti Mulungu anaikamo nsomba imene kwawo nkomweko basi, dzina lake Apache trout. Thupi lake ndi lachikasu ngati golide, lamawangamawanga akuda. Nsombayi ndi yosankha: ifuna madzi ozizira, oyera ndi amthunzi. Yaikazi ikumba kadzenje pa timiyala ta pansi pa mtsinje, niikira mazira ake m'menemo, niwakwirira. Madzi opyola pakati pa timiyalato ndiwo apatsa mazira mpweya. Matope akatseka mipata, mazira afa asanaswe.

Tsono imvani chimene chinaoneka. Atafika azungu ndi ng'ombe zawo zambirimbiri, ng'ombezo zinadya udzu ndi misondodzi ya m'mphepete mwa madzi, nizipondaponda magombe mpaka anagumuka. Ocheka matabwa anagwetsa mitengo nalambula misewu, ndipo mvula inakokololera dothi m'madzi. Timitsinje tinasanduka totambalala ndi tosaya, dzuwa nkumatenthetsa madzi ake. Poona kuti nsomba zachepa, anthu anathiramo nsomba zachilendo za mtundu wa trout, zina mwa izo zonga zomwe atsamunda anaika mu Mulunguzi pa phiri la Zomba. Akulu amati mlendo ndi mame, koma alendo awa sanakamuke. Zina zinaswana ndi eni mudzi mpaka mtundu unasokonezeka, zina zinalanda chakudya ndi kudya tiana ta anzawo. Nsomba yagolide ija inangotsala m'magwero akutali, pamwamba pa mapiri.

Oyamba kuimvera chisoni anali Aapache eni ake. M'chaka cha 1955 akuluakulu awo analetsa kuwedza m'timitsinje ta m'dziko lawo momwe nsombayo inatsalira. Palibe anawakakamiza, pakuti boma la America linadzailemba m'gulu la zolengedwa zotsala pang'ono kutha m'chaka cha 1967, patapita zaka 12.

Koma kuletsa mbedza kokha sikukadakwanira, popeza nsomba singachire mtsinje uli chidwalire. Aapache ndi antchito a boma anagwirana manja. Anamanga mipanda yotchinga ng'ombe, kuti udzu ndi misondodzi ziphukenso, mizu igwire magombe, mthunzi ubwerere. Anakonza misewu yokokolola dothi, ina naitseka. Kumunsi kwa timitsinje anamanga zipupa zamiyala zonga timathithi, zoti nsomba zachilendo zisalumphe. Kumtunda kwa zipupazo anachotsa alendo aja, nabwezeramo eni mudzi. Inali ntchito yonyowa ndi yotopetsa, yobwereza chaka ndi chaka, chifukwa madzi osefukira aononga zipupa, ndipo moto wolusa, monga uja wa mu 2011, usiya phulusa limene likatsikira m'madzi lipha nsomba.

Kuona maso a nkhono nkudekha. M'chaka cha 1979 nsombayi inali m'magulu 14 okha, pa mtunda wa mailosi 30 a mitsinje. Pofika 2024 magulu anakwana 30, pa mailosi 175, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho boma linaichotsa m'gulu la zolengedwa zoopsezedwa. Chiyambire lamulo la akuluakulu aja panali patapita zaka 69. Ambiri mwa iwo anagona m'manda osaona tsikulo. Anadzimana kuti adzukulu adzaone chimene iwo anangotsala pang'ono kutaya.

Abale, tibwerere kwathu. Nafenso tili ndi mpasa, imene ichoka m'nyanja kukwera mitsinje monga Bua kukaikira mazira pa timiyala toyera, ndipo nayonso matope ndiwo mdani wake. Munthu wolima mpaka m'gombe, wodula mkuyu wa padooko, wothira katupe m'dziwe, akhuta lero ndi chakudya cha ana ake cha mawa. Ife akhristu tidziwa kusala pa Lenti. Tiphunzirenso kusala kumeneku: kusiya bango ndi nsungwi m'mphepete mwa madzi, kubzala mitengo pamene panagumuka, ndi kuleka nsomba ipite pamene ikwera ndi mazira. Mtsinje si wathu, tinangousungira Mwini wake, ndipo tsiku lina adzatifunsa za ukapitawo wathu. Fransisko Woyera, wokonda zolengedwa zonse, atipempherere.