Fodya wa Pachala

Chaka chatha ndinalemba nkhani yopeka ya sayansi m'Chichewa. Inali ya msodzi wa pa doko la Kachulu wa zaka 100 zikubwerazi, amene nyanja ya Chilwa itauma ankagula madzi kwa makina oganiza ngati munthu. Maganizowo ndinawatenga kwa agogo anga aamuna, omwe anali asodzi ndipo anaona nyanjayi ikuuma mu 1995.

Mkonzi woyamba amene ndinamutumizira anayankha patatha miyezi iwiri. "Achimwene, kalembedwe n'kabwino, koma zoterezi sizichitika kwathu kuno. Talembani zachikondi." Wachiwiri anati ndiyambe ndaimasulira m'Chingerezi. Wachitatu anaivomera, ndipo tsiku lomwelo ndinalengeza kwa anzanga onse a m'kalasi. Koma magaziniyo inasowa ndalama n'kufa nkhani yanga isanatuluke. Manyazi anandigwira, moti ndinatha teremu yonse osalemba kanthu.

Amene anandidzutsa ndi aphunzitsi athu a zolembalemba, pomwe anatipatsa mbiri ya Octavia Butler, mayi wachikuda wa ku California. Mu 1970, ali pa maphunziro a alembi otchedwa Clarion, Butler anagulitsa nkhani ziwiri. Yoyamba, "Crossover", inatuluka mu 1971. Yachiwiri, "Childfinder", inagulidwa ndi Harlan Ellison, koma buku lomwe inayenera kutulukamo silinasindikizidwe mayiyu ali moyo. Nkhaniyi inadzatuluka mu 2014, mwini wake atamwalira kale mu 2006. Akuluakulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Atagulitsa nkhani ziwirizo, Butler anatha zaka zisanu osagulitsanso ina. Ankagwira maganyu monga kutsuka mbale, n'kumadzuka usiku kukalemba asanapite kuntchito. Buku lake loyamba, Patternmaster, linatuluka mu 1976. Mu 1984 analandira mphoto ya Hugo ndi nkhani ya "Speech Sounds", yonena za mliri wolanda anthu luso loyankhula ndi kuwerenga. Monga wophunzira za ziyankhulo, nkhaniyi inandikhudza kwambiri, chifukwa nanenso ndinali nditangotsala pang'ono kudzilanda ndekha chiyankhulo.

Kunena zoona, khomo la Chingerezi ndi lotsekuka. Magazini ya Omenana, yomwe inayamba ku Nigeria mu 2014, yasindikiza nkhani zambiri zotere za alembi a mu Africa. Kwathu konkuno, a Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, ndipo mu buku la Imagine Africa 500 muli nkhani za Amalawi monga a Muthi Nhlema. Izi zikutsutsa mkonzi uja, pakuti tsogolo limalembedwanso kuno. Chikusowa ndi malo osindikizirapo nkhani zotere m'Chichewa.

Ndinayesa ndithu kumasulira nkhani yanga, koma ndinalekeza pa tsamba lachiwiri. Msodzi wanga atayamba kuyankhula Chingerezi sanalinso wa ku Kachulu, ndipo agogo, eni nkhani, sakanamumva. Pa tchuthi ndinawawerengera ya Chichewayo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati: "Mdzukulu, makina akowo ndawamva, koma ukonde sauponya chotero."

Ndinakonza za ukondezo. Sabata yatha ndatumiza nkhaniyo kwa mkonzi wachinayi, ndipo ulendo uno sindiuza aliyense kufikira nditaigwira m'manja itasindikizidwa.