Mphasa ya Lachitatu

Mu 2021 ndinayamba kuyendera bambo ena kuno kwa Nkhulambe, Lachitatu lililonse madzulo. Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Achimwene, inu a Sabata mukandisiyitsa nkhumba ndi kachasu, nditsala ndi chiyani?" Ana awo anaseka. Ndinabwerera Baibulo lili kukhwapa, osalitsegula n'komwe.

Chaka chotsatira mpingo wathu unachititsa efoti ya masabata awiri. Tinabwereka jenereta, amayi a Dorika anasonkha ufa ndi nandolo zodyetsa alaliki. Anabatizidwa munthu mmodzi yekha. Ndisaname, ndinauza mayi a kunyumba kuti ine ndatopa, ena apitirize. Kwa miyezi ingapo sindinapondenso pakhomo pa bambo aja.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Mulanje, misewu inaduka, anthu ambiri anatisiya. Bambo aja ndinakumana nawo pamsasa, tonse tili chimanjamanja. Za Sabata sitinakambe. Anangoti, "Munalekeranji kubwera? Ndinkakudikiranitu." Manyazi anandigwira, ndinasowa choyankha.

Mvula itatha tinathandizana kuumba njerwa za nyumba yawo. Mpaka lero sanabatizidwe, ndipo kachasu sanasiyiretu. Masiku ena fungo limandilandira ndisanakhale pansi. Koma ndikafika ndimapeza mphasa yoyalayala pansi pa mtengo wa mango. Lachitatu lapitali anandifunsa kumene kuli mwana wawo amene anapita ndi madzi. Tinatsegula 1 Atesalonika 4, n'kuwerenga pang'onopang'ono mpaka kunada.