Christy Moore, woimba amene salola akufa kuiwalika

Dzina la Christy Moore silidziwika m'midzi yathu ya kuno ku Angónia. Mutafunsa pamsika wa Ulónguè, mwina simungapeze ngakhale munthu mmodzi amene analimvapo. Koma ine ndakhala ndikumvera nyimbo za bambo ameneyu kwa zaka zoposa 30, ndipo ndikufuna ndikuuzeni cimene cinandigwira mtima.

Christy Moore ndi wa ku Ireland, cilumba cimene cili kumadzulo kwa Britain. Anabadwa mu 1945 m'tauni ya Newbridge, m'cigawo ca Kildare. Ali mnyamata ankagwira nchito ku banki. Mu 1966 anchito a m'mabanki atanyanyala nchito, iye anawoloka nyanja kupita ku England, kumene anayamba kuimba nyimbo zamakolo m'malo omwera mowa. Ku banki sanabwererenso. Mu 1972 iye ndi anzake atatu anayambitsa gulu la Planxty, limene linacititsa acinyamata a ku Ireland kukondanso nyimbo zakale za kwawo.

Ine ndinamva mawu ake koyamba tili othawa nkhondo ku Malawi, m'boma la Ntcheu. Wansembe wina wa ku Ireland anapatsa amalume kaseti yochedwa Ride On, ya mu 1984. Mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992, ife tinabwerera kwathu caka cotsatira, kasetiyo ili m'thumba limodzi ndi mapoto. Masiku amenewo Cingelezi sindinkacimva. Ndinkangomva mawu a munthu wamkulu, otsika, ngati a munthu amene akulankhula pamoto usiku wa maliro. M'nyimbo imodzi ndinazindikira kuti akuchula maina a anthu motsatizana. Nditaphunzira ndinadziwa kuti nyimboyo ndi Viva la Quinta Brigada, ndipo mainawo ndi a amuna a ku Ireland amene anapita ku Spain kukamenyana ndi asilikali a Franco pa nkhondo ya 1936 mpaka 1939. Ena mwa iwo anafera komweko. Iye amawaitana mmodzimmodzi, ngati mfumu ikuwerenga anthu ake.

Koma nkhani imene inandimangirira kwa iye ndi ya moto wa ku Stardust. Iyi inali nyumba yovinira ku Artane, mumzinda wa Dublin. Usiku wa pa 13 kucezera pa 14 Febuluwale 1981 munali gule, ndipo moto unabuka. Acinyamata 48 anafa, oposa 200 anavulala. Ambiri anali ana a anthu wamba, ogwira nchito zamanja. Opulumuka ananena kuti zitseko zina zothawira zinali zokhoma, zina zokulungidwa maunyolo. Komabe bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa linanena mu 1982 kuti mwina motowo unayatsidwa dala ndi munthu. Eni nyumbayo analandira cipukuta misozi, pamene makolo anatsala ndi manda komanso manyazi akuti mwina mmodzi mwa ana awo ndiye anawotcha anzake.

Mu 1985 Christy Moore anatulutsa cimbale ca Ordinary Man, mmene munali nyimbo ya They Never Came Home, yonena za ana amenewa ndi zitseko zija. Nkhani inafika kubwalo lalikulu la milandu. Woweruza anagamula kuti nyimboyo ikulowerera milandu imene inali isanathe, ndipo cimbaleco cinacotsedwa m'masitolo. Pocitulutsanso, nyimboyo munalibe.

Kuletsa nyimbo n'kosavuta papepala. Anthu anali ataimva kale, ndipo inkayendabe m'makaseti ndi m'milomo. Amayi, abambo ndi alongo a omwalirawo sanatope kugogoda pazitseko za boma. Mu 2009 mawu aja akuti moto unayatsidwa dala anafufutidwa. Pa 18 Epulo 2024, patapita zaka 43, bwalo lofufuza za imfazo linagamula kuti anthu 48 aja anaphedwa mosemphana ndi malamulo, ndiponso kuti moto unayamba cifukwa ca vuto la magetsi. Pa 23 Epulo nduna yaikulu ya dzikolo, Simon Harris, inapepesa mabanjawo m'nyumba ya malamulo. Makolo ambiri anali atamwalira kale osamva cipepesoco.

Amene anapambana mlandu umenewu ndi mabanjawo. Woimba anangoyenda nawo, nyimbo yake ili ngati nkhuni imodzi pamoto umene iwo ankasonkha. Koma anayenda nawo pa nthawi imene kutero kunali kodula, ndipo n'cifukwa cake ndimamulemekeza. Sakuwa, savina, savala zonyezimira. Amakwera pansanja ndi malaya akuda ndi gitala, nthawi zina ndi ng'oma yaing'ono ya cikopa ca mbuzi imene kwawo amati bodhrán, n'kuimba mpaka thukuta kamukamu. Mu 2024, ali ndi zaka 79, anatulutsanso cimbale catsopano.

Ndikaika nyimbo yake pawailesi, ndimayamba ndafotokoza nkhani yake m'Cinyanja. Ena amaimba foni kuti ndicotse za azunguzo ndiike zovina. Koma tsiku limene ndinafotokoza za Stardust, mayi wina wacikulire anatuma mdzukulu wake kudzandiuza kuti nayenso ali ndi ana awiri amene sanabwere kunyumba, ndipo palibe amene anawaimbapo.

Mawu amenewo sandicoka m'mutu. Ife kuimba coonadi timakudziwa. Amayi athu pamtondo ankadzudzula mwamuna woledzera mudzi wonse ukumva, popanda womugwira pakamwa. Nanga bwanji za nkhondo ya zaka 16 tili duu? M'mabuku timawerenga ziwerengero za amene anafa. Maina awo ali m'mitima ya agogo okha: amene anagwidwa akupita kumunda, amene anaponda bomba lokwirira panjira ya kucigayo, ana amene anafa ndi kolera m'misasa ya othawa nkhondo n'kuikidwa tsidya lina la malire. Agogowo akutha caka ndi caka.

Sindikunena kuti tizikumba milandu kapena kuloza zala. Mtendere tinaugula modula, ndipo tonse timamwa pacitsime cimodzi. Kuchula dzina la womwalira n'kumupatsa malo pakati pathu, monga timacitira popatsa mwana dzina la agogo ake. Inu oimba bangwe, inu a makwaya, inu anyamata a magitala a zigubu, khalani pansi ndi okalamba a m'mudzi mwanu cikadali cowala. Funsani kuti anapita ndani, anali mwana wa yani, ankalima dimba liti. Mukapeka nyimbo yake, bweretsani ku wailesi. Ine ndidzaiika.