Nkhwazi za pa Damu la Conowingo

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine ndinakulira m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndinkayesa kuti za nkhwazi ndinazidziwa zonse. Koma m'mwezi wa Disembala, chaka cha 2022, mphwanga amene agwira ntchito mumzinda wa Baltimore ku America anandiitana kuti ndikamchezere. Kumeneko ndinaphunzira zimene ndifuna kukusimbirani lero.

Tsiku lotsekera sukulu, ana anandifunsa chimene ndidzawatengere. Ndinawalonjeza chithunzi cha nkhwazi ya ku America, chojambula ine mwini. Lonjezo la mphunzitsi wamkulu pamaso pa ana ndi ngongole. Akalephera kubweza, mawa ana sadzakhulupiriranso mawu ake.

Tsono mphwanga anandibwereka kamera yake, ndipo tinalawirira mbandakucha ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto. Tinafika pa mtsinje waukulu dzina lake Susquehanna, m'chigawo cha Maryland. Pamenepo pali damu la Conowingo, limene linatsegulidwa m'chaka cha 1928 kuti lizipanga magetsi. Khoma lake ndi lalitali ndithu, ndipo pamwamba pake padutsa msewu wa magalimoto.

Mwina mufunsa kuti, kodi nkhwazi zifunanji pamalo a makina otere? Yankho lake ndi njala. Kuyambira Novembala kufikira Januwale kumeneko kumazizira koopsa. Chakumpoto mitsinje ndi nyanja zimaundana pamwamba ngati mwala, kotero kuti mbalame yodya nsomba siingathe kupeza chakudya. Koma madzi otuluka m'damu amathamanga, choncho saundana. Ndiponso nsomba zimene zadutsa m'makina zimatuluka zitachita chizungulire, n'kumayandama. Nkhwazi zimadziwa zimenezi, ndipo masiku ena zimasonkhana pamenepo zoposa 100.

Tinapeza anthu ambiri ataima kale m'mbali mwa mpanda, aliyense ndi kamera yake yoikidwa pa miyendo itatu. Magalasi a makamera ena anali aatali ngati musi. Patsidya, pa nsanja zachitsulo zonyamula nthambo za magetsi, panatera nkhwazi. Thupi lake ndi lakuda moderako, mutu ndi mchira ndi zoyera mbee, mlomo wachikasu. Ikatambasula mapiko imakwana pafupifupi mamita 2. Eni dziko amaitcha bald eagle, dzina lomveka ngati ili ndi dazi, chonsecho mutu wake uli ndi nthenga zokhazokha. Ndi mbale wa nkhwazi yathu ija ili pa chizindikiro cha boma la Malawi ndi pa mbendera ya Zambia. Koma pa kulira yathu ipambana kutali. Ya ku America, ndi thupi lonselo, imangolira timawu tating'ono ngati mwanapiye.

Kenaka kunalira lipenga lochenjeza kuti atsegula madzi. Mtsinje unayamba kuwira, ndipo nkhwazi zinauluka. Imodzi inazungulira m'mwamba, n'kutsika itatsogoza miyendo, ndi kukwatula nsomba pamwamba pa madzi. Nthawi yomweyo inzake inaithamangitsa kuti iilande. Makamera onse analira pamodzi ngati mvula pa denga la malata.

Nanga ine? Zala zanga zinali zitauma ndi chisanu. Pofuna kudina, mbalame inali itapita kale. Chithunzi choyamba munali madzi okha. Chachiwiri munali mchira. Chachitatu munali chipewa cha munthu amene anaima patsogolo panga. Dzuwa linafika pamutu ndilibe kanthu, ndipo mtima unayamba kundiwawa pokumbukira ana aja. Mphwanga anati, "Achimwene, tiyeni tizipita, tikagula chithunzi chabwino m'sitolo." Ndinakana, pakuti kumeneko kukanakhala kunamiza ana.

Pambali panga panali nkhalamba ina imene inkaona mavuto anga. Inandilangiza kuti ndileke kuthamangitsa mbalame zonse ndi kamera. Ndisankhe imodzi yotera, ndiiyang'anitsitse, ndidikire kufikira itawerama kuti iuluke. Ndinakumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinasankha imodzi yapafupi pa mtengo, ndipo ndinaidikira nthawi yaitali. Itauluka ndinaitsata pang'onopang'ono, ndipo ndinaijambula itagwira nsomba m'zikhadabo.

Koma poyang'ana chithunzicho ndinakhumudwa. Mbalameyo inalibe mutu woyera. Inali yodera thupi lonse, ya mawangamawanga, yosakongola. Nkhalamba ija inaseka, niindiuza kuti imeneyo ndi nkhwazi yaing'ono, pakuti mutu umayera ikakwana zaka 4 kapena 5. Inanenanso kuti pa ubwana wake munthu sankaona ana a nkhwazi otere pa mtsinjewo.

Mawu amenewo ali ndi mbiri yake. Nkhwazi imeneyi yakhala pa chidindo cha boma la America kuyambira 1782, komabe inatsala pang'ono kutha. Anthu ankaiwombera ndi kudula mitengo imene inkamangamo zisa. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, alimi anayamba kupopera mankhwala otchedwa DDT. Mvula inkakokolera mankhwalawo m'mitsinje, nsomba n'kuwadya, nkhwazi n'kudya nsombazo. Zotsatira zake zinali zakuti zigoba za mazira zinkapyapyala, ndipo make pofungatira ankawaphwanya yekha. M'chaka cha 1963, m'zigawo 48 za dzikolo munapezeka mabanja a nkhwazi 417 okha. Boma linaletsa DDT mu 1972, ndipo anthu anayamba kuteteza zisa. Mu 2007 nkhwazi inachotsedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pafupi kutha. Lipoti la boma la mu 2021 linati zinali zitapitirira 300,000.

Pamenepo ndinazindikira kuti chithunzi changa chinali chabwino koposa chimene ndinkafuna. Nkhwazi ya mutu woyera ionetsa kuti dzira linaswa zaka zapitazo. Koma yodera ija ionetsa kuti mazira akuswabe.

Nditabwerera kwathu ndinapachika chithunzicho m'kalasi. Mwana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga nkhwazi zathu zodera zili kuti?" Madzulo ake ndinayenda kugombe kukayang'ana. Mitengo itatu yaitali imene nkhwazi zinkamangamo zisa ndili mnyamata ndinapeza zitsa zake zokha. Unatsala umodzi, ndipo chisa chinalimo.

Inu owerenga amene mukhala pafupi ndi madzi, mukaona nkhwazi muziwerenga zaing'ono zomwe, osati zoyera mutu zokha. Ife pasukulu pathu tinakapempha a mfumu kuti mtengo wotsalawo usadulidwe, ndipo anavomera. Ana a Sitandade 6 ndiwo amakauyendera Lachisanu lililonse.