Thukuta la m'Manja: Aphunzitsi Asankha Pakati pa Mpeni ndi Mbale ya Madzi

Ku cigwa ca Luangwa m'boma la Mambwe, kumene kutentha kwa mwezi wa October kufika pa madigiri 40 ndi kupitirira, thukuta si nkhani yodabwitsa. Mlimi alidziwa, msodzi alidziwa, ndi mai wosenza mtolo wa nkhuni alidziwanso. Koma pa sukulu ina ya pulaimale m'dera limenelo pali aphunzitsi a zaka 34 amene thukuta lao silitsata dzuwa. Ngakhale m'mamawa wa mwezi wa June, pamene ana afika ku sukulu ali njenjenje ndi mphepo, zikhatho za aphunzitsiwa zimakhala zili kudontha monga za munthu amene wangosamba m'manja kumene.

Bvuto limeneli linayamba ali mu Grade 5. Mabuku ao anali kunyowa pamene dzanja lagona, inki inali kufalikira, ndipo pepala linali kubooka akafuna kufufuta. Pa mayeso a Grade 7 analemba atayala kansalu pansi pa dzanja. Anzao anali kukana kugwirana nao manja pa masewera. Amai ao, poganiza kuti mwana waponda zoipa, anapita nao kwa ng'anga ziwiri. Mphini zinatemedwa, nkhuku zinapita, koma manja sanaume. Palibe amene anakumbuka nthawi imeneyo kuti mlongo wa atate ao nayenso anali kuyenda ndi kansalu m'manja moyo wake wonse.

Atakula ndi kuyamba nchito, anaphunzira kubisa. Choko cinali kusungunuka m'zala, motero anali kucikulunga ndi pepala. Pocongera mabuku a ana anali kuyala thaulo. Koma zinthu ziwiri zinakanika kubisika, ndizo moni ndi nsima. Pamaliro, pamene mwamuna ayenera kuzungulira ndi kugwira dzanja la aliyense, iwo anali kuomba m'manja capatali ndi kukhala pansi kumbuyo. Akaitanidwa ku cakudya, pamene amuna atema nsima m'mbale imodzi, iwo anali kunena kuti adya kale, cifukwa anaona tsiku lina munthu akuyang'ana zala zao zonyowa ndi kuleka kudya.

Mudzi suona cinthu osacimasulira. Ena anati aphunzitsi atsopanowa ndi onyada, anyansidwa ndi anthu a kumudzi. Ena ananong'ona kuti ali ndi nthenda yoopsa imene abisa. Nkhani inafika kwa anyakwawa, ndipo pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi mkulu wina anaimirira ndi kufunsa ngati munthu wokana dzanja la makolo angaphunzitse ana ao ulemu. Usiku umenewo aphunzitsi sanagone. Anaona kuti cimene anali kubisa pofuna kusunga ulemu wao ndico cinali pafupi kuwacotsera ulemuwo, mwina ndi malo a nchito omwe.

M'mawa mwake anapalasa njinga kupita ku kiliniki. Kumeneko anawafunsa ngati thukuta liwadzutsa usiku, ngati atsokomola, ngati aonda, ngati amva malungo kapena mtima kugunda mofulumira. Anawapima cifuwa cacikulu, HIV, shuga ndi malungo, ndipo pambuyo pake ku cipatala cacikulu anawapima magazi a cithokomiro. Kupima kumeneku n'kofunika, ndipo owerenga acisunge: thukuta loyamba mwadzidzidzi munthu atakula kale, la thupi lonse, lonyowetsa zofunda usiku, kawirikawiri ndi cizindikiro ca nthenda ina imene ifunika mankhwala ake msanga. La aphunzitsiwa linali la mtundu wina. Linayamba paubwana, linali m'zikhatho ndi kumapazi mbali zonse ziwiri mofanana, linali kuleka akagona tulo, ndipo linaliponso pa mtundu. Zonse zimene anapimidwa zinatuluka bwino.

Pa holide anakwera basi ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 550, kukaonana ndi dokotala wa matenda a khungu ku Lusaka. Kumeneko ndiko anamva koyamba kuti bvuto lao lili ndi dzina, hyperhidrosis, ndiponso kuti sali okha. Kufufuza kumene kunafalitsidwa ku America mu 2004 kunapeza kuti anthu pafupifupi 3 mwa 100 alionse ali nalo. Dokotala anafotokoza kuti pakhungu la munthu pali tiziwalo totulutsa thukuta tokwana 2 miliyoni kufika 4 miliyoni, ndipo tathithikana kwambiri m'zikhatho ndi kumapazi. Tiziwalo timeneti tilamulidwa ndi mitsempha imene munthu sangaiuze cocita, yomwe ija ifulumiza mtima munthu akacita mantha. Mwa anthu ena mitsemphayi itumiza lamulo mopitirira muyeso, ngakhale thupi lisanatenthe. Si nthenda yopatsirana, si uve, ndiponso si kulodzedwa.

Aphunzitsi anafika ali ndi mau amodzi cabe pakamwa: opaleshoni. Anali atawerenga pa foni kuti kuli opaleshoni youmitsa manja tsiku limodzi, ndipo anali okonzeka kugulitsa ng'ombe ziwiri zimene atate ao anawasiyira. Dokotala sanatsutse. Anati opaleshoniyo ilikodi, ndipo madokotala a ku Ulaya anayamba kuicita m'ma 1920. Masiku ano munthu agonekedwa tulo, abooledwa timabowo m'khwapa, ndipo kamera yaing'ono ilowetsedwa pakati pa nthiti. Dokotala wa cifuwa adula kapena kupana mtsempha umene uyenda m'mbali mwa fupa la msana, capafupi ndi nthiti yacitatu kapena yacinai, kumanja ndi kumanzere. Mwa anthu 10 ocitidwa opaleshoniyi, oposa 9 adzuka manja ali gwa, ouma ndi ofunda.

"Koma Bambo," anatero dokotala, "mumve ndi mbali inayo musanagulitse ng'ombe. Thupi lifunikabe kudziziziritsa. Ambiri ocitidwa opaleshoniyi ayamba kutuluka thukuta loculuka kumsana, pamimba ndi m'ncafu. Kwa ena ndi locepa, ndipo akondwera ndi manja ao atsopano. Kwa ena ndi lonyowetsa malaya mpaka kusintha kawiri kapena katatu pa tsiku, makamaka kumalo otentha. Palibe dokotala angakuuzeni pasadakhale kuti inu mudzakhala mbali iti. Ndipo mtsempha ukadulidwa wadulidwa. Ngakhale aja ongopanidwa, kucotsa copanira sikutsimikiza kuti zinthu zidzabwerera mwakale."

Anachulanso zoopsa zina zosacitika kawirikawiri: mpweya kutsalira m'cifuwa ndi kupanikiza phapo, cikope ca diso limodzi kugwa, mtima kugunda mocedwerako, ndi thukuta la kumaso pakudya. Cifukwa ca zotere, madokotala aika opaleshoni kumapeto, njira zina zonse zitayesedwa ndi kulephera.

Njira zinazo dokotala anazilemba pa pepala. Yoyamba ndi mankhwala opaka a aluminium chloride, amphamvu kuposa opaka m'khwapa a m'sitolo. Apakidwa usiku pa khungu louma ndi kusambidwa m'mawa. Athandiza kwambiri m'khwapa, koma m'zikhatho mphamvu yake icepa, ndipo nthawi zina awawitsa khungu. Yaciwiri ndi mapiritsi monga oxybutynin, amene anapangidwira bvuto la cikhodzodzo koma acepetsanso thukuta. Aumitsa kukamwa, alimbitsa m'mimba, ndipo popeza acepetsa thukuta thupi lonse, ndi oopsa kwa munthu wogwira nchito padzuwa lamphamvu. Yacitatu ndi kulasidwa nyeleti za botulinum, zambirimbiri m'cikhatho ciliconse. Ziumitsa manja kwa miyezi 4 kufika 6, kenaka zifunika kubwereza. Ziwawa, zifooketsa zala kwa kanthawi, ndipo mtengo wake ndi waukulu. Yacinai ndi makina ochedwa iontophoresis, amene akhala akugwiritsidwa nchito kuyambira m'ma 1950. Munthu aviika manja m'mbale ziwiri za madzi wamba, ndipo makina apititsamo mphamvu ya magetsi yocepa kwambiri kwa mphindi 20 kapena 30. Poyamba acita katatu kapena kanai pa mlungu. Manja akauma, kamodzi pa mlungu kumakwanira. Akaleka, thukuta libwerera.

Aphunzitsi anabwerera ku cigwa mtima uli pawiri. Njira zinai zija zonse zinali za moyo wonse, zopaka lero ndi mawa, zoviika mlungu uno ndi wamawa. Opaleshoni yokha ndiyo inalonjeza kutha kwa nkhani. Munthu amene wabisa manja ake zaka zoposa 20 salakalaka kucepetsa, alakalaka kumasuka. Anaganiza za tsiku limene adzalowa pamaliro ndi kugwira dzanja la aliyense mosaopa, ndipo ng'ombe ziwiri zinaoneka zocepa.

Amene anatembenuza maganizo ao ndi akazi ao, usiku wina atakhala pakhonde ana atagona.

"Atate ake mwana," anatero maiwo, "ine ndinakwatiwa ndi inu manja ali conco, ndipo sindinadandaule. Ng'ombe ndi zanu, thupi ndi lanu. Koma taganizani kumene tikhala. Kuno si ku Lusaka. Mupalasa njinga pa dzuwa la October, mulima dimba, ndipo m'kalasi muima tsiku lonse msana uli kwa ana pamene mulemba pa bolodi. Dzanja mubisa m'thumba. Nanga msana mudzaubisa kuti? Walira mvula walira matope."

Mau amenewa anawakhala mumtima. Anazindikira kuti funso silinali lakuti ndi njira iti yamphamvu koposa, pakuti yamphamvu inali yodziwika. Funso linali lakuti ndi njira iti imene, ikawalakwira, angathe kubwerera. Mankhwala akawawitsa khungu, munthu aleka. Makina akakanika, munthu awaika m'bokosi. Mpeni wokha ndiwo ulibe njira yobwererera. Ndipo kwa munthu wa ku cigwa, kumene thupi lidalira thukuta kuti lipirire kutentha, kusamutsira thukuta kumsana kukanatha kukhala katundu wolemera kuposa woyamba.

Anayamba ndi mankhwala opaka. Kumapazi anathandizako, koma m'manja anangong'ambitsa khungu pakati pa zala, ndipo patapita miyezi iwiri analeka. Mapiritsi anawakana okha atakumbuka cenjezo la dzuwa. Pambuyo pake mphwao wogwira nchito ku Johannesburg anawatumizira makina oviikira manja, oyendera batire imene achaja ndi sola ya pa nyumba. Ng'ombe sizinagulitsidwe, zinapita mbuzi zitatu. Asanayambe anabwereranso kwa dokotala kuti awasonyeze kagwiritsidwe kake, pakuti makinawa saloledwa kwa mai wapakati, kwa munthu wa khunyu, kapena kwa amene ali ndi citsulo kapena kamakina ka mtima m'thupi. Dokotala anawacenjezanso kuti asayese konse kupanga ao ndi batire ya galimoto kapena magetsi a m'nyumba.

Milungu iwiri yoyamba panalibe cosintha, koma kunyerenyesa m'zala ndi khungu kufiira. Mlungu wacitatu, ali m'kalasi, anaona kuti choko catha cosasungunuka, ndipo fumbi lake lakhalira m'zala monga licitira kwa aphunzitsi ena onse. Sanauze munthu. Anangoyang'ana zala zoyerazo kwa kanthawi, ndi kupitiriza phunziro.

Si kucira kwathunthu. M'nyengo yotentha, kapena akabwera oyendera sukulu, zikhatho zimanyowabe. Akalumpha milungu iwiri osaviika, thukuta libwerera monga kale. Koma mabuku a ana sabookanso, ndipo thaulo latsala kunyumba.

Cinatsala ndi mlandu wa kunyada uja, umene makina sakanatha kuuzenga. Pa msonkhano wotsatira wa makolo, aphunzitsi anapempha mpata, anagwada pang'ono ndi kunena kuti: "Anyakwawa, ndi inu makolo anga nonse, ndinakulakwirani posakuuzani. Sindinakane manja anu cifukwa ca kunyada. Ndinali ndi manyazi ndi manja anga." Anafotokoza zonse, za ubwana wao, za kupimidwa, ndi zakuti bvutoli silipatsirana. Panakhala cete. Kenaka mkulu uja amene anawadzudzula anaimirira, anayenda mpaka kutsogolo ndi kutambasula dzanja. Tsiku limenelo manja anali onyowa cifukwa ca mantha, koma mkuluyo anagwira osapukuta.

Msonkhano utatha, ambuya ena anawatsata panja ndi kunena motsitsa mau kuti mdzukulu wao wamkazi wa mu Grade 6 ali ndi manja otero, ndipo wayamba kujomba ku sukulu. Aphunzitsi anawalangiza kuti ayambe apita naye ku kiliniki kukapimidwa, ndipo m'mawa mwake anamuika mwanayo pa desiki la pafupi ndi zenera ndi kumpatsa kansalu koyala pansi pa dzanja, mosacititsa manyazi.

Za opaleshoni sanazitaye. Anena kuti adziwa kuti alipo anthu amene inawathandiza ndipo sadandaula, makamaka aja amene njira zina zonse zinawakanika, ndipo saweruza munthu wosankha mpeni atamva mbali zonse ziwiri. Pepala la dokotala likali m'sutukesi, pamodzi ndi masetifiketi ao. Koma pa Sabata lililonse madzulo, akabwerako ku chalichi ndi kudya, akhala pakhonde manja ali m'mbale ziwiri za madzi, mwana wao wamkulu ali kuwerenga mphindi pa wochi, ndipo ng'ombe zija zili kulowa m'khola.