Amayi anga sanadye mwakufuna kwawo

Pamene Ajeremani ankatseka mpanda wa dera la Ayuda ku Warsaw mu Novembala 1940, ndinali mtsikana wa zaka 12. Anatipanikiza mmenemo anthu oposa 400,000. Njala ndi matenda a typhus zinkagwetsa anthu pamsewu, ndipo mitembo ankangoifunditsa nyuzipepala mpaka ngolo ya kumanda itadutsa.

Asilikali a mfuti tinali titawazolowera. Mu 1941 tinayamba kuona ena atakoleka makamera m'khosi. Anali a Propagandakompanie, magulu a asilikali ojambula ndi kulemba nkhani, omwe ankalandira malangizo kuchokera ku unduna wa Joseph Goebbels. Ankajambula ana otupa miyendo ndi nkhalamba zovala nsanza. Zithunzizo zikafika m'magazini a ku Berlin, zinkatuluka ndi mawu onena kuti Ayuda ndi auve ndipo sasamalana. Anatimana chakudya ndi sopo, kenako nkumauza dziko kuti ndi mmene tinabadwira.

Mu Meyi 1942 kunabwera Ajeremani ojambula kanema. Ajeremaniwo anawagwira amayi mumsewu wa Leszno chifukwa anali adakali ndi chikhoti chabwino, chomwe ankasunga kuti adzasinthanitse ndi buledi. Anawalowetsa m'lesitilanti pamodzi ndi ena ooneka bwinoko, nkuwaikira nyama patebulo.

"Idyani! Sekani!" analamula choncho.

Atatha anawatulutsa kuti adutse pomwe panagona ana opemphetsa, osacheuka. Mayi wina atayang'ana pansi, anawabweza onse kuti ayambirenso. Madzulo amayi anafika kunyumba, anasanza, nkukhala pakona osalankhula. Kenako anati, "Mwanangu, mmodzi mwa ana aja ndimawadziwa amayi ake."

Pa 22 Julayi 1942 anayamba kutumiza anthu kumsasa wophera anthu wa Treblinka. Tsiku lotsatira mkulu wa khonsolo ya Ayuda, Adam Czerniaków, anadzipha. Amayi anawakweza sitima mu Ogasiti, pamalo otumizira anthu otchedwa Umschlagplatz. Ine anandizembetsa kunja kwa mpanda, ndipo banja lina la Apolishi linandibisa mpaka nkhondo itatha.

Kanema wa Ajeremani uja sanamalizidwe. Anapezeka m'nkhokwe ya mafilimu ku East Germany nkhondo itatha, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankadula zigawo zake nkumazionetsa ngati moyo wathu weniweni. Pambuyo pake panapezeka mpukutu wina woonetsa ojambulawo akubwereza zochitika zimodzimodzi kangapo, ndipo Yael Hersonski anauonetsa m'filimu yake ya 2010, A Film Unfinished.

Chithunzi cha amayi cha kunyumba ndilibe ngakhale chimodzi, zonse zinapsa. Ngati nkhope yawo inatsala penapake, inatsala m'manja mwa adani, akutafuna nyama pomwe ana akufa panja. N'chifukwa chake ndikupereka umboniwu. Mukaona mayi wa chikhoti chabwino m'kanema ameneyo, dziwani kuti kuseri kwa kamera kunaima munthu wa mfuti, ndipo mayiyo anali ndi njala ngati ana aja.