Miyezi itatu kwa Kawinga

Mukachoka pa Liwonde kulowera ku Ntaja, msewu umakwera pang'onopang'ono, ndipo mukapenya kum'mawa mumaona mapiri a Chikala. Kuseri kwake kuli madambo a Nyanja ya Chilwa. Kuno n'kwa Kawinga, m'boma la Machinga, komwe ndinakhalako miyezi itatu ndikuphunzira ntchito pa bungwe lina lolimbikitsa mtendere pakati pa achinyamata.

Mapepala omwe tinanyamula kuchokera ku Lilongwe ankakamba zikuluzikulu: chigamulo 2250 cha United Nations cha mu 2015 chonena za achinyamata, mtendere ndi chitetezo, ndondomeko ya mtendere ya dziko lino ya 2017, ndi lamulo la 2022 lomwe linakhazikitsa komishoni ya mtendere ndi umodzi. Zabwino ndithu. Koma wa kabaza pa Ntaja ukamuuza za "kumanga mtendere" amakufunsa kuti, "Kodi achimwene, nkhondo yake ili kuti?"

Nkhondo kulibe, inde. Mikangano ndiye ilipo, ndipo yambiri imachokera kunyanja. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imaphwa mvula ikavuta, monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018. Madzi akabwerera m'mbuyo amasiya nthaka yachonde. Mlimi wa mpunga amathamangirako ndi khasu, woweta amalowetsako ng'ombe, msodzi yemwe matemba amuthawa nayenso amafuna kachigawo. Malire palibe, poti dzana panali madzi. Ndani mwini wa malo omwe chaka chatha munkadutsa bwato? Milandu yotere imathera pabwalo la amfumu, ndipo achinyamata, omwe ndiwo amagwirana m'makosi kudamboko, amakhala kumbuyo osayankhula. Ntchito yathu yeniyeni inali kupempha mafumu kuti anyamata ndi atsikana apatsidwe mpata wofotokoza okha mbali yawo. Gulupu wina anaseka n'kunena kuti, "Ana inu mwabwera ndi zachilendo." Komabe anavomera, ndipo pa mlandu wotsatira mtsikana wina analongosola za dimba la mayi ake mpaka akuluakulu kugwedeza mitu.

Nkhani ya chipembedzo ndiyo imafuna kuponda mosamala. Anthu ambiri kuno ndi Ayao ndipo ndi Asilamu, pamene sukulu zina zakale zinamangidwa ndi mipingo yachikhristu. Anthu sanaiwale zomwe zinachitika ku M'manga, ku Balaka, mu 2019, pomwe mkangano wa hijabu unatseketsa sukulu, kenaka ku Mpiri kuno ku Machinga mu 2020. Bungwe la Public Affairs Committee linakhalitsa pansi mbali zonse, ndipo mu 2021 anagwirizana kuti atsikana achisilamu azivala hijabu yogwirizana ndi yunifolomu. Omwe anataya masiku a sukulu pa mkanganowu anali ana, m'dera lomwe atsikana ambiri amakwatiwa asanamalize pulayimale.

Za chitukuko cha maiko akunja ndili ndi mawu pang'ono. Pa msonkhano uliwonse funso loyamba linkakhala la alawansi, ndipo sindiwadzudzula anthuwo: ife a mabungwe ndife tinawazoloweretsa, ndiponso munthu wasiya munda tsiku lathunthu. Chodandaulitsa n'chakuti pulojekiti imakhala ya miyezi yowerengeka, pamene mkangano wa malo umadutsa mibadwo. Mnyamata yemwe mwamuphunzitsa kuyanjanitsa anzake lero, mawa mumva kuti wakwera basi ya ku Joni, chifukwa satifiketi ya maphunziro athu sigula ufa.

Omwe amatsala ndi amayi a m'magulu a banki m'khonde, mashehe, akatekisiti, ndi makomiti a m'madoko omwe amayang'anira kuti asodzi asalowetse makoka nyanja ikatsekedwa mu Disembala. Iwowa sankalembedwa kawirikawiri m'malipoti athu. Mlungu wanga womaliza, komiti ya pa doko lina inaitana magulu awiri a asodzi omwe anang'ambirana maukonde. Anakambirana kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya swala ya masana, napumira kuti ena akapemphere, kenaka anagwirizana kuti olakwawo asoke ukondewo ndi manja awo.